Masamba a Neba Woyamba

Mwana wanga Maylis atandiuza kuti akufuna ukwati wake ukachitikire kumudzi kwinakwake ku France, ndinavula magalasi n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono, ngati munthu amene wadikira funso limeneli moyo wake wonse. Tinali ku Montreal, m'nyumba imene ndinakhalamo zaka zoposa makumi atatu ndikuphunzitsa ana a eni ake mabuku akale amene sanandipemphe. Iye anatsegula foni n'kuyamba kundionetsa zithunzi.

"Taonani, ababa. Uku ndi ku Provence. Minda yonseyi ndi maluwa a lavenda."

"Sopo," ndinatero. "Ukufuna kukwatiwa m'munda wa sopo. Kumeneko mu Julaye akwatibwi amachuluka kuposa njuchi. Aliyense amaima mumzere wake, kudikira kuti mnzake achoke pachithunzi."

"Chabwino. Nanga ku Loire? Nyumba zachifumu izi amachititsa lendi."

"Eni ake tinawadula mitu. Lero adzukulu a odula mituwo akuvala zoyera n'kumakajambulitsa pamasitepe awo."

"Ku Dordogne?"

"Angelezi anagulako nyumba zonse. Kumeneko ndi ku England kumene kumawala dzuwa."

Anaika foni pansi. Maylis anatengera nkhope ya malemu mayi ake, anatengeranso luso lawo loyang'ana munthu mpaka munthuyo atayamba kudzimva yekha zimene akunena.

"Ndiye m'dziko lonse la France mulibe malo? Dziko lomwe mwakhala mukulilira chibadwire ine?"

Malo analipo, ndipo ankawadziwa. Sarrabère, mudzi wathu ku Béarn, m'munsi mwa mapiri. Abambo anzanga akamawerengera ana awo nthano za zimbalangondo, ine ndinkagoneka wanga ndi nkhani ya masamba. Kwathu mtsikana akamakwatiwa, m'mawa wa tsikulo aneba amayala masamba obiriwira mumsewu, kuyambira pakhomo la nyumba yake mpaka pakhomo la tchalitchi, kuti nsapato yake isaponde fumbi. Amakhala masamba a laurier, omwe aja timatchingira nawo mabwalo, timaponyanso mumphika wa nyemba. Akapondedwa, mudzi wonse umanunkhira. Sagulidwa, ndipo a panyumba ya ukwati sakhudza tsamba ngakhale limodzi. Ndinkamuuzanso kuti kukhuthala kwa masambawo ndiye kumasonyeza mmene mudzi umakuonerani.

"Mukandilonjeza masamba aja," anatero Maylis, "lavenda ndimusiya."

Ndinalonjeza. Ndinalonjeza ngati munthu amene akulonjeza kuti mawa kucha. Chibwenzi chake, Loïc, mnyamata wofatsa amene ntchito yake n'kuyendera milatho kuona ngati yatopa, anangogwedeza mutu. Lamulo nalo linali kumbali yanga, chifukwa meya amamanga ukwati m'mudzi mmene kholo lili ndi nyumba, ndipo nyumba ya Bordenave inali idakali yanga, ngakhale kuti chimwalirire amayi munkangogona akangaude. Mwezi womwewo wa Novembala ndinaimbira foni a meya. Mu Malichi ndinakwera ndege kukatsegula nyumbayo, tikiti yobwererera mu Ogasiti ili m'thumba.

Mudzi umene ndinaulira zaka zonsezo sunandidikire. Mudzi wanga unali wa timinda ting'onoting'ono, kalikonse ndi mpanda wake wa mitengo, mphesa apa, msipu apo. Ndinapeza mipanda yonse anaizula kuti mathirakitala azitembenuka bwino, ndipo kuyambira kuseri kwa manda mpaka kumene maso amalekezera kunali munda umodzi, wodikira chimanga cha abakha. Ophika buledi anatseka kalekale. Buledi tsopano amatuluka m'makina oima pafupi ndi ofesi ya meya, ndipo makinawo sakufunsa kuti amayi ako ali bwanji. Ndinkayenda mumsewu manja kumbuyo, n'kumawerengera makoma milandu yawo.

Tsiku lachiwiri kunabwera mlendo pakhomo. Anali mwamuna wamtali kwambiri, wa imvi, atavala bereti, chipewa chathu chakumapiri, yaikulu kuposa ya mbadwa iliyonse, m'manja muli kabasiketi ka mazira. Anandipatsa moni m'chinenero chathu chakale cha kumapiri, chimene ine ndinachisunga m'mabuku ngati gulugufe wouma.

"Ndine Joost, wa nyumba ya Lapeyre, iyo ili kumtundayo. Mwafika bwino, aneba?"

Ndinali nditamva kale kuti a kwa Lapeyre anatha, nyumba yawo anagula Mdatchi. Anthu otere ndinkawadziwa: amagula nyumba za akufa athu, amapaka mawindo utoto wa buluu, n'kuyamba kutiphunzitsa mmene agogo athu ankaphikira. Ndinamuyankha m'Chingelezi, chomveka bwino, chapang'onopang'ono. Ndinati zikomo, koma mazira adokotala anandiletsa. Linali bodza. Anandiyang'ana kuchokera kumwamba kumene mutu wake unali, n'kubwerera ndi mazira ake.

Mu Epulo ndinayamba kukonza bwalo. Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti mapiri sakuoneka. Ndili mwana, ukaima pachitsime chathu unkaona mapiri onse atandandalika ndi chipale chawo. Tsopano pakati panali mpanda wa laurier wa Mdatchi uja, wosadulidwa, wotalika kuposa denga la khola, nthambi zili mbali zonse ngati tsitsi la munthu wodzuka kumene. Ndinamupeza akupopa matayala a njinga yake.

"Bambo," ndinatero, "kwathu kuno mpanda timadula."

Anaweramuka. "Mukutsimikiza, aneba? Chaka chino ndausiya dala."

"Ndikutsimikiza. Mwana wanga akubwera kudzaona mapiri, osati tchire."

Anawerama n'kupitiriza kupopa matayala. Sabata yomweyo ndinamva makina ake akulira, ndipo ndinaona ngolo yodzaza nthambi ikutsika msewu kupita kotayira zinyalala, ikubwerera, ikupitanso. Mapiri anatulukira. Madzulo amenewo ndinaima pachitsime ndi tambula ya vinyo, ndikudziuza kuti mudziwu unkangosowa munthu mmodzi wokumbukira.

Chimanga chitafika m'mawondo, ndinatenga botolo labwino n'kupita kukapempha masamba. Ndinadutsa nyumba ya Lapeyre osatembenuka, ndinadutsa nyumba yotseka ya anthu a ku Paris amene amabwera mu Ogasiti mokha, n'kukafika kwa Noélie Cazaux. Ine ndi Noélie tinakhala benchi imodzi kusukulu. Iye anatsala, anakwatiwa, anaika mwamuna wake m'manda, ndipo amaweta abakha ochuluka kuposa anthu a m'mudzimo. Ndinamupeza atavala majombo, akutsuka chomwera abakha.

"Taonani amene watikumbuka! Pulofesa Anselme mwiniwake. Miyezi itatu uli m'mudzi muno, ndimangoona msana wako ukukalipira makoma."

"Ndinali wotanganidwa ndi nyumba."

"Eya, ndi mipanda ya eni ake. Botololo ndi langa kapena ukungoliyendetsa?"

Ndinamupatsa. Kenako ndinakonza kukhosi n'kumuuza kuti mwana wa nyumba ya Bordenave akukwatiwa mu Julaye, ndipo ndabwera kwa iye, mbadwa yeniyeni yotsala mumsewu wathu, kudzapempha kuti atsogolere aneba kuyala masamba monga mwa makolo.

Noélie anatseka mpopi. "Iwe, unawerenga mabuku onse aja, sunapezemo kuti masamba amayambitsa ndani?"

"Neba woyamba. Nyumba yoyamba ukamachoka pakhomo pako kupita kutchalitchi. Ndikudziwa bwino, ndinalembapo ngakhale nkhani m'magazini ya ophunzira."

"Ndiye ukutani pano? Ine ndine wachitatu."

"A kwa Lapeyre anatha, Noélie. Muja muli Mdatchi."

"Ndiye?"

"Ndiye mwambowu ndi wathu."

Anaseka mpaka abakha anayamba kumuyankha. "M'magazini yakoyo unalemba kuti uneba ndi magazi? Neba ndi nyumba, Pulofesa. Ukaika mbuzi m'nyumba ya Lapeyre, mbuziyo ndiye neba wako woyamba, ndipo ukaipempha ndi chipewa m'manja. Amayi ako atamwalira, ukuganiza kuti anatsegula mawindo ndani? Anakauza wansembe ndani? Anatsogola ndi mtanda ndani?"

Ndinayesa kukumbuka. Tsiku limenelo ndinafika kuchokera kubwalo la ndege maliro atanyamuka kale, ndipo njira yonse ndinkabwereza mumtima mawu okongola amene ndinakonza kukanena pamanda. Kutsogolo kunalidi msana wina wautali. Ndinkaganiza kuti ndi wa kampani ya maliro.

"Unaimbira foni a meya mu Novembala," anapitiriza Noélie. "Pofika madzulo ndi abakha omwe ankadziwa kuti kuli ukwati. Joost anasiya mpanda wake osadula nyengo yonse yozizira, kuti mdzukulu wa mayi Bordenave adzayende pa masamba okwanira. Ankangodikira kuti ubwere umupemphe. Unabweradi."

Mbali ina ya mutu wanga, imene siigona, inaona kuti nkhaniyi ndi yokongola ndipo ingakome m'buku. Mbali yotsalayo inkafuna kukhala pansi.

"Mipanda ina ilipo," ndinatero.

"Ili kuti? Siwe amene ukuyenda m'mudzi muno kulira kuti anazula yonse? Wa Joost ndiwo unatsala."

"Ndiitanitsa kwa ogulitsa maluwa mumzinda. Ndidzadzuka m'mamawa ndidzayale ndekha, palibe adzadziwe."

"Mudzi uno? Yala, bwanawe. Anthu adzayenda m'mphepete mwa msewu kuti asawaponde, mwana wako adzayenda yekha pakati ngati nkhuku yogulitsa. Ndipo ukatero udzakonzekenso kudzanyamula wekha bokosi lako." Anatsegulanso mpopi. "Ine sindithyola tsamba Joost asananene. Zikomo chifukwa cha botolo."

Lamlungu lake Maylis anaimba foni. Ndinamufunsa za nyengo ya ku Montreal, za milatho ya Loïc, kenako ndinaponya mawu ngati munthu amene wangokumbukira kanthu kakang'ono.

"Ndakhala ndikuganiziranso za ku Provence kuja. Mwina ndinaweruza mofulumira. Lavenda ali ndi ulemu wake."



"Ababa, mwachita chiyani?"

"Palibe. Ndikungoti munthu wanzeru amasintha maganizo."

"Inu simunasinthepo maganizo chibadwire ine. Mwayambana ndi ndani?"

"Ndi aliyense ayi. Kuno amandilemekeza kwambiri."

"Ndagula nsapato zafulati chifukwa cha masamba amenewo. Mayi ake a Loïc auza tchalitchi chawo chonse." Mawu ake anatsika. "Mukudziwa, amayi ankati inu zonse za kwanu mumakokomeza. Mapiri, buledi, nzeru za agogo. Ine ndinkawatsutsa. Ndinkati zinazo mwina, koma masamba okha ndi oona."

Ndinamuuza kuti masamba adzakhalapo, n'kudula foni msanga.

M'mawa mwake ndinavala jekete, ndinatenga chipewa cha malemu abambo kuti ndikhale ndi chogwira m'manja, n'kuyenda ulendo wautali kwambiri pa maulendo anga onse, kuchoka pachipata changa kufika pachipata chotsatira. Mpanda uja unali utafupika mpaka m'chiuno, uli mbee ngati mutu wometa. Joost anali pabwalo, njinga ataigoneka chagada, akuthira mafuta tcheni. Anandiona, ndipo anandifunsa m'Chingelezi, chomveka bwino, chapang'onopang'ono, ngati ndasochera. Anati ngati ndikufuna tchalitchi chakale ndingopita kutsogolo, alendo ambiri amachikonda.

Ndinaima ndi chipewa changa. Mawu ukawasiya pakhomo la munthu sawola, amakudikira.

"Ndamva, aneba," ndinatero m'chinenero chathu. "Zikundiyenera."

"Zikukuyeneranidi. Lowani. Ndimati ndikazinge mazira. Kapena adokotala akadaletsabe?"

"Achira."

"Adokotalawo?"

"Iwo ndi ine, tonse awiri."

Kukhitchini kwake kunali kwa a Lapeyre komwe kuja, tebulo lomwe lija limene ndinkadyerapo mabulosi ndili mwana. Mawindo sanawapake buluu. Pakhoma panali chithunzi cha mayi wa tsitsi lalifupi akuseka, atanyamula bakha. Joost anali dokotala wa mano kwawo asanapume, ndipo ali ndi chizolowezi cha ntchitoyo chofunsa mafunso munthu ali ndi kanthu m'kamwa. Anadikira mpaka nditatafuna.

"Ndiye mwabwera kudzaona ngati mpanda wafupika mokwanira?"

Ndinameza, ndinaimirira, n'kuyamba mawu opemphera aneba monga ndinawapezera m'buku lina lakale kwambiri: kuti ndabwera m'dzina la nyumba ya Bordenave, ya amoyo ndi akufa, kudzagogoda pa khomo lolemekezeka la nyumba ya Lapeyre, monga anachitira makolo a makolo athu. Ndinali nditangofika pakati pamene anakweza foloko.

"Zimenezo anasiya kunena nkhondo isanayambe. Noélie atakumvani angakomoke ndi phwete. Nenani ngati munthu."

Ndinakhala pansi. Zinanditengera nthawi kupeza mawu ochepa chotero.

"Aneba, mwana wanga akukwatiwa. Ndikupempha masamba."

"Masamba munawaona akupita pangolo."

"Ndinawaona."

"Mapiri akukoma?"

"Akukoma kwambiri."

"Ndasangalala." Anathira vinyo wofulula yekha m'matambula awiri, vinyo amene angachotse utoto pachitseko. "Laurier kulibe, zimenezo muiwale. Koma msewu sungakhale wamaliseche, ndiona chochita. Chatsala ndi chimodzi. Masamba timayalira aneba. Alendo timawapatsa mapu."

"Ine ndinabadwira m'nyumba iyo."

"Kubadwa aliyense amabadwa penapake. Ine ndikunena za Febuluwale, nyengo yozizira, alendo onse atapita." Analoza pawindo, kumtunda. "Neba wanga woyamba ndi nyumba yotsekayo. Anthu abwino, amabwera mu Ogasiti ndi agalu awo. Nyumba yakutsogolo ikakhala yopanda munthu, udindo umabwerera kumbuyo, ndipo kumbuyo kwanga ndi inu. Mkazi wanga Marijke, uyo ali pakhomayo, ali kuseri kwa tchalitchi, malo anga ali pambali pake. Ana tinalibe. Ine ndanyamula mtanda wa anthu a msewu uno kangapo konse. Ndikadzagwa m'khitchini muno tsiku lina lamvula, ndani adzaone kuti mawindo sanatsegulidwe? Ndani adzatsogole?"

"Ndili ndi tikiti ya Ogasiti," ndinatero. Mawuwo anatuluka okha, ngati chikhosomo.

"Ndikudziwa. Mudzi wonse ukudziwa, ndi mpando womwe mudzakhale m'ndegemo."

Ndinayang'ana m'tambula. Zaka zoposa makumi atatu ndinalira mudzi uwu pa matebulo a anthu a ku Montreal mpaka ena anasiya kundiitana. Ndinaulira m'kalasi, ndinaulira m'magazini, ndinaulira kwa mkazi wanga amene ankangofuna kuti ndikachotse chipale pakhomo. Lero munthu ankandipatsa mudziwo m'manja, ndi mvula yake ya Febuluwale, ndi makina ake a buledi, ndipo ine maso anali pachitseko. Kwanu n'kwanu, amatero, koma kwathu ine ndinkakukonda kwambiri ndikakhala kutsidya la nyanja, m'nyumba yofunda.

Kenako ndinaganiza za nsapato zafulati. Ndipo, poti ndanena kale zambiri, ndinenenso ichi: ndinamuyang'ana Joost mwakabisira n'kumuyeza. Imvi zonse, zaka zoposa zanga, vinyo woopsa chonchi tsiku ndi tsiku. Ndinadziuza kuti sizingatenge nthawi yaitali.

"Ndidzatsogola," ndinatero.

Anatambasula dzanja lake lalikulu. Atatha kundiphwanya zala, anatsegula kabati n'kutulutsa kiyi wachitsulo wa chitseko chakumaso, n'kumuika pafupi ndi mbale yanga.

"Malizani mazira," anatero.

Alendo anafika mu Julaye, chimanga chitapitirira mutu wa munthu. Kwa meya tinapita Lachisanu, zinatha bwino. Maylis anandifunsa za masamba kawiri, ndipo kawiri konse ndinayankha kuti zimenezo a panyumba safunsa, womwe ndi mwambo woona, ndipo unandithandiza kwambiri. Joost ndikakumana naye ankangokhudza bereti yake. Noélie ankandiyang'ana ngati bakha amene sakunenepa.

Loweruka m'mawa ndinadzutsidwa ndi thirakitala ndi mawu a anthu akukangana chapansipansi. Ndinatsegula windo. Msewu wonse, kuchoka pachipata chathu kukwera mpaka pamene umakhotera kutchalitchi, unali wobiriwira. Ndinatsika masitepe ndi mtima wa mwana. Nditafika pachipata ndinawerama n'kutola tsamba limodzi. Linali lalitali ngati mkono wanga, lokhakhala m'mphepete.

Chimanga. Chimanga chomwe chija chimene chinadya mipanda ya ubwana wanga, chimene ndinachitukwana tsiku lililonse chifikire.

Noélie anali pamwamba pa ngolo, akukankha masamba otsala ndi foloko yaudzu. "Mizere ya m'mphepete mwa munda wanga imeneyo," anakuwa. "Abakha anga adzagona ndi njala chifukwa cha iwe. Ukangonena liwu limodzi la m'mabuku, Pulofesa, foloko iyi ikupeza."

"Sindinanene kanthu."

"Nkhope yako yayamba kale."

Anthu amene ndinali ndisanawapatse moni miyezi inayi anali mumsewu ndi mawilibala, akuyala, akusalaza ndi mapazi. Joost anabwera ndi kabasiketi kake ka mazira kaja. Munali timasamba tanthete ta laurier, timene mpanda wometedwa uja unaphukira chidulire. Anagwada ndi mawondo ake aatali n'kutiyala pakhomo penipeni pa nyumba, malo osaposa mphasa ya mwana.

"Musakhudze," anandichenjeza. "Ndinu a panyumba."

Belu litayamba kulira, Maylis anatsika atavala zoyera, n'kundigwira mkono. Phazi lake loyamba linatera pa timasamba ta Joost. Fungo linakwera, lomwe lija, la mphika wa amayi, la maukwati onse amene ndinathamangira ndili ndi kabudula. Anaima, n'kutseka maso.

"Ababa. Ndi limeneli?"

"Ndi limeneli."

Tinatuluka pachipata. Anayenda pang'ono, masamba akulira tswatswa pansi pa nsapato zafulati, kenako anayang'ana pansi bwinobwino.

"Ababa, ichi n'chimanga."

"N'chimanga."

"Simunanenepo za chimanga."

Ndinali ndi yankho lokonzeka, lalitali, lokhudza mbiri ya ulimi m'chigawo chathu ndi kusinthika kwa miyambo. Ndinaona Noélie ataima pachipata chake, atavala diresi la maluwa, manja m'chiuno.

"Amayi ako ankanena zoona," ndinatero. "Ndimakokomeza."

Anaseka, n'kundifinya mkono. "Koma munati chofunika ndi kukhuthala. Taonani, akundifika mu akakolo. Ndiye kuti amakukondani kwambiri kuno."

Kutsogolo kwathu kunkayenda msana wautali uja, bereti ili pamwamba, ukukankhira pakati ndi phazi masamba amene mphepo inasuntha. Ndikanatha kumuuza mwana wanga kuti masambawo anakhuthalira agogo ake, ndi Mdatchi, ndi nyumba imene inaima pamalo pake nthawi yonse imene ine kunalibe. Koma munthu sungasiye kukokomeza tsiku limodzi.

"Amayesetsa," ndinatero.

Mayi ake a Loïc anaterereka kawiri asanafike kutchalitchi, ndipo mpaka lero amauza anthu ku Montreal kuti ku France akwatibwi amayenda pa chimanga kuyambira kalekale. Sindinawatsutse. Mwina pofika chaka chamawa zidzakhala zoona, chifukwa mdzukulu wa Noélie wanena kale kuti pa ukwati wake akufuna zomwezo.

Ogasiti anafika, a ku Paris anabwera ndi agalu awo n'kubwerera, ndege yanga inanyamuka ndi mpando umodzi wopanda munthu. Tsopano ndi Febuluwale wachiwiri. Mvula imagwa cham'mbali, buledi wa m'makina ndamuzolowera mpaka ndimawapatsa moni makinawo. Kiyi wa nyumba ya Lapeyre ali pamsomali kuseri kwa chitseko changa, ndipo m'mawa uliwonse, ndisanamwe khofi, ndimatuluka kukaona ngati mawindo a kumtunda atsegulidwa.

Amakhala atatsegulidwa kale. Posakhalitsa munthuyo amatulukira pa njinga, atavala kabudula m'nyengo yozizira, akatumba a miyendo ali ngati a mnyamata wa mpira, akupita kukakwera phiri limene ine ndimatopa nalo pongoliyang'ana. Adokotala ake akuti mtima wake ndi wa hatchi. Akafika pachipata changa amaliza belu la njinga kawiri n'kukweza dzanja.

"Osati lero, aneba!"

Mpanda uja wakulanso. Mapiri sakuonekanso ndikaima pachitsime, ndipo sindinanene kanthu.